Msana wa kondakitala na bedi ya masipuling'i

Mukakwela basi pa Kulima Tower madzulo ano, muyang'aneni kondakitala. Kucoka m'tauni mpaka komaliza ali cowelama pa citseko, mutu ugunda denga, dzanja limodzi ligwila ndalama. Nanga inu amene mwapanikizana anayi pa mpando, thumba la unga pa maondo? Potsika, aliyense amayamba wagwila m'ciuno.

Si kuno cabe. Bungwe la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni pa dziko lonse anali kudwala msana wa m'munsi, ndipo ndiwo utsogola pa zinthu zolepheletsa anthu kugwila nchito.

Ine nkhani iyi inanifika pakhomo pamene amalume anagwa pa njinga yamoto kwathu ku Katete, atamanga matumba a nshawa kumbuyo. Fupa la mwendo linapola, koma kuyenda kunakana. Munthu amene anali kulima munda wonse yekha anayamba kuyembekezela mwana kuti amunyamule pa mphasa. Mvula inali pafupi.

Pofunafuna thandizo muno mu Lusaka, mnzanga ananipeleka ku nyumba ina yocitilamo maseŵela olimbitsa thupi, ku mayadi. Kumeneko n'naona makina amene amati Reformer. Aoneka monga bedi yopapatiza. Pamwamba pali thabwa la khushoni loyenda pa tumawilo, lomangidwa na masipuling'i, ndipo kumutu kuli zingwe zokokela. Umagona cagada, mapazi pa citsulo, n'kukankha. Thabwa liyenda, masipuling'i alibweza.

Anayambitsa ni Joseph Pilates, m'Jelemani wobadwa mu 1883. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatsekeledwa mu kampu pa cisumbu ca Isle of Man, kumene anali kuphunzitsa anzake maseŵela. Pambuyo pake anatsegula malo ake ku New York, ndipo ovina ovulala ndiwo anam'chukitsa.

Ubwino wake ni wakuti mwendo wofooka umagwila nchito osanyamula thupi lonse, cifukwa munthu ali gone. Mphunzitsi amawonjezela kapena kucotsa sipuling'i malinga na mphamvu zako. Cimene cinanidabwitsa n'cakuti pa maseŵela ena, ukacotsa masipuling'i m'pamene zimavuta, cifukwa thabwa limatelela ndipo minofu ya pa mimba na m'ciuno iyenela kuligwila yokha. N'nayesa. Mphindi zisanu cabe, mimba inali kunjenjemela monga basi yoima pa maloboti.

Koma mtengo wa ola limodzi umene ananiuza, mwandi, n'nangoseka. Ndipo amalume ali kutali, pafupifupi makilomita 500 pa Great East Road, kudutsa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke na Sinda. Mwendo umenewo sukanapilila ulendo wa basi.

Thandizo linapezeka konko. Ku Katete kuli cipatala ca St Francis, cimene cinayamba mu 1948 ndipo amaciyendetsa pamodzi a Anglican na Akatolika. Amalume anaonana na a fizio, amene anaŵaonetsa zocita kunyumba. Zipangizo zake? Mitengo iŵili yokhomedwa pabwalo yogwilila poyenda, na chubu yakale ya njinga yomangidwa ku mwendo wa bedi. Chubu ija ikakokedwa imabweza monga sipuling'i. Nzelu ni imodzimodzi na ya ku mayadi, kusiyana ni khushoni na galasi la pa cipupa.

“Mphwanga, nimakoka kakhumi m'maŵa, kakhumi madzulo,” ananiuza pa foni. “Anyakwawa akuti napenga.”

Sinikunyoza makina ai. Ngati thumba lilola, pitani, ni abwino. Koma kwa ine cofunika kwambili ni munthu amene waima pambali pako, wodziŵa thupi. Afunseni kumene anaphunzila. A fizio amacita maphunzilo a zaka, ena pa Evelyn Hone, ena pa UNZA. Uyu wongoonela mavidiyo pa TikTok angakuwonjezeleni matenda.

Ndipo pali msana wina umene suyenela kupita ku maseŵela ali onse. Ngati miyendo icita dzanzi kapena kufooka, ngati mkodzo utuluka wokha, ngati mukuonda, kutentha thupi na kutuluka thukuta usiku, thamangilani ku cipatala. TB imagwilanso mafupa a msana, ndipo ikacedwa imapundula.

Kwa ise a m'mabasi, poyambila ni paja pa mphasa. Gonani cagada, pindani maondo, limbitsani mimba, nyamulani matako pang'onopang'ono, ŵelengani mpaka 5, bwelelani pansi. Mukamva ululu wolasa, lekani.

Amalume manje ayenda na ndodo mpaka ku dimba. Khasu sanayambe kugwila, a fizio sanaŵalole. Dzulo anatuma uthenga wakuti chubu yaduka, nikabwela nibweletse ina.