Khanda la m'Chikuta ndi Tizirombo ta m'Matumbo

Makolo akale ku Mulanje sankalola kuti khanda linyamulidwe ndi munthu aliyense mchombo usanagwe. Mayi ndi mwana ankakhala m'chikuta, ndipo oloŵamo anali oŵerengeka. Mwambo umenewu uli ndi phindu lalikulu, pakuti matenda ambiri amene amapha makanda amabwera ndi manja a alendo.

Pali mtundu wa tizirombo tosaoneka ndi maso totchedwa enterovirus. Timakhala m'matumbo a munthu, timatuluka ndi chimbudzi, ndipo timaloŵa mwa munthu wina kudzera pakamwa chifukwa cha manja osasamba ndi madzi oipa. Tina timafalanso ndi chifuwa kapena malovu. Mitundu yake ndi yoposa 100. Munthu wamkulu akatitenga, kaŵirikaŵiri amangomva chimfine, mwinanso osamva kanthu. Koma kwa khanda losakwana mwezi, tizirombo tomweto tingathe kuononga chiŵindi, mtima kapena ubongo.

Kachirombo ka poliyo ndi kamodzi mwa tizirombo timeneti. Mpaka m'chaka cha 1992, poliyo yoyenda mwa anthu inali idakali m'Malaŵi, kenaka inazilala kwa zaka pafupifupi 30. Koma mu February 2022 boma linalengeza kuti mtsikana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapuwala ndi nthendayi. Akatswiri atayeza anapeza kuti kachirombo kake kanachokera ku Pakistan. Chaka chomwecho ana enanso anapuwala ku Tete, m'dziko la Mozambique. Alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi katemera, mpaka mu May 2024 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mliriwo watha. Anthu a ku Mulanje, amene amaoloka malire pa Muloza tsiku ndi tsiku, ayenera kukumbukira kuti kachirombo sikaima pa chipata.

Tizirombo timeneti timasinthanso. Mitundu iŵiri ikakumana m'matumbo a munthu mmodzi, nthaŵi zina imasakanikirana n'kutulutsa mtundu watsopano. Ku France, kuyambira July 2022 kufika April 2023, mtundu wotere wa kachirombo kotchedwa echovirus 11 unadwalitsa kwambiri makanda 9, ndipo 7 anamwalira. Kachirombo kameneka kalibe katemera. Chitetezo chake ndi ukhondo ndi kufulumira kupita ku chipatala.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Khanda likamalira usiku wonse osagona, agogo amafulula mizu kuti ligone, ndipo mayi wotopa amafunanso chakumwa chodzetsa tulo. Mankhwala otere alipo m'maiko ambiri. Ku China, kuyambira kalekale, asing'anga amapatsa akuluakulu osoŵa tulo njere za chipatso chapachibale ndi masawu. Koma zimene munthu wamkulu angamwe si za khanda ayi. Chiŵindi cha khanda n'chosakhwima, ndipo madzi ofululira mizu angathe kukhala ndi tizirombo tomwe tija. Choopsa china n'chakuti mwana akagonetsedwa ndi mankhwala, makolo amaganiza kuti wachira, pamene nthenda ikukula. Mayi woyamwitsa nayenso asamwe mankhwala ogonetsa, a sing'anga kapena ogula pamsika, asanafunse adokotala, chifukwa ena amafika kwa mwana kudzera m'mkaka.

Khanda lipite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, likaonetsa chimodzi mwa zizindikiro izi: kukana bere, kutentha thupi kapena kuzizira modabwitsa, kupuma mofulumira, kulefuka ndi kugona mosadzuka, chikasu m'maso ndi m'zikhato, liwombo lotupa, kapena kukomoka. Chipatala cha boma pa Mulanje, chipatala cha Mulanje Mission ndi zipatala zing'onozing'ono za m'midzi zilipo chifukwa cha zimenezi. Mankhwala opheratu tizirombo timeneti palibe, koma anamwino amathandiza mwana kupuma, amamufunditsa, amamumwetsa mkaka wa mayi wake, ndiponso amachiza matenda ena a zizindikiro zofanana.

Pakhomo pamene pali khanda, mayi ayamwitse bere lokha kwa miyezi 6. Aliyense asambe m'manja ndi sopo akachoka ku chimbudzi, akasintha theŵera, ndiponso asananyamule mwana. Mabanja amene zimbudzi zawo zinagwa ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 ndipo sanakumbe zina, akumbe msanga ndi kuika mpondagiya pafupi. Mwana alandire katemera wa poliyo atangobadwa, kenaka ku sikelo akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14.

Mlendo amene ali ndi chifuwa kapena akutsegula m'mimba asakhumudwe akauzidwa kuti aonere khanda patali. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphatso yake asiye pakhonde, adzamunyamule akachira.