Kodi kabala ka m'dera kamawakoka bwanji anthu?

Pafupifupi dera lililonse la m'tauni, kaya ndi ku Ndirande, ku Mbayani, ku Chinsapo kapena ku Chibavi, lili ndi kabala kake kodziwika kwa eni dera okha. Kawirikawiri kamakhala ka chipinda chimodzi chofolera ndi malata, ka zenera limodzi kapena kopanda zenera n'komwe. Anthu amakhala pamabenchi ndi pamakireti. Panja pali bawo ndi chiwaya cha kanyenya, mkati wailesi yakanema ikuonetsa mpira wa ku England. Wodutsa m'njira angadabwe kuti anthu amaonamo chiyani, komatu madzulo alionse nkhope zimakhala zomwezomwezo, ndipo ena mwa iwo ndalama zokamwera kumalo apamwamba ali nazo.

Funsoli ndi la zaumoyo ndithu. Mauthenga ambiri okhudza mowa amalankhula ngati kuti munthu amapita kubala chifukwa cha mowa basi. Zikanakhala choncho, bwenzi ambiri akugula botolo kugolosale n'kukamwera kunyumba, komwe palibe wowapempha kuti amugulireko. Pali chinachake chimene amakachipeza kumeneko, ndipo wazaumoyo amene sachidziwa amalangiza anthu kusiya chinthu chimene iye sanachimvetse.

Mu 1989, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Ray Oldenburg, adalemba buku lotchedwa The Great Good Place. M'bukuli adafotokoza za "malo achitatu": oyamba ndi kunyumba, achiwiri ndi kuntchito, ndipo achitatu ndi kumene munthu amapita mwa kufuna kwake kukacheza. Adati malo otere amadziwika ndi zinthu zingapo: palibe mlendo kapena wolandira alendo, udindo wa munthu umatsala pakhomo, ntchito yaikulu ndi macheza, ndipo pamakhala anthu amene sajomba, omwe amapatsa malowo khalidwe lake. Adaonanso kuti malo otere nthawi zambiri amakhala osaoneka bwino, ndipo kusaoneka bwinoko kumawateteza. Anthu ofuna kudzionetsa safikako. Palibe amene amatchena pobwera, choncho wakabaza ndi mphunzitsi amakhala benchi imodzi n'kumakangana za Bullets ndi Wanderers mofanana.

Kwathu kuno mfundoyi ili ndi mizu yakale. Mowa wa masese unkamwedwa pachipanda chimodzi chozungulira gulu, ndipo padima anthu ankalimirana munda n'kumalizira pamowa. Anthu atasamukira m'tauni, bwalo la m'mudzi lidatsala kumudzi. Bambo wochita lendi chipinda chimodzi, momwe muli mkazi, ana ndi katundu yense, alibe pochezera ndi anzake. Kabala kamalowa m'malo mwa pabalaza pamene iye alibe. N'kumene amamva kuti uje akufuna amisiri omanga, kumene amasonkhera za maliro a mnzake, ndiponso kumene munthu akasowa masiku atatu anthu amafunsa kuti kodi ali bwino. Mwini bala amamudziwa dzina, ndipo ali ndi kope lolembamo ngongole mpaka mwezi ukatha. Kwa munthu amene tsiku lonse wakhala akukalipidwa ndi abwana kapena kunyozedwa ndi makasitomala, kulandiridwa ndi dzina si nkhani yaing'ono.

Kodi kucheza kotereku kuli ndi phindu pa thanzi? Pa mfundo yoti kukhala ndi anthu n'kofunika, umboni ndi wamphamvu. Mu 2010, Julianne Holt-Lunstad ndi anzake adaphatikiza zotsatira za akafukufuku 148 ndipo adapeza kuti anthu okhala ndi maubale olimba anali ndi mwayi wochuluka ndi 50 peresenti wokhalabe ndi moyo pa nthawi imene ankawatsatira, poyerekeza ndi amene maubale awo anali ofooka. Pa mabala enieni umboni ndi wochepa mphamvu. Mu 2016, gulu la Robin Dunbar wa ku yunivesite ya Oxford lidapeza kuti anthu a ku Britain amene ali ndi bala yawo ya m'dera anali ndi anzawo apamtima ambiri ndipo ankakhulupirira anthu a m'dera lawo kuposa amene alibe. Ofufuzawo adaonanso kuti m'mabala ang'onoang'ono anthu ankakhala timagulu tochepa n'kumacheza nthawi yaitali, pamene m'mabala akuluakulu a pakati pa mzinda magulu anali aakulu koma macheza anali aafupi. Zotsatirazi tiziwerenge mosamala. Kafukufukuyu adachitika popemphedwa ndi CAMRA, bungwe lomenyera ufulu wa mabala ndi omwa mowa, ndipo adangoyerekeza anthu pa nthawi imodzi. N'kutheka kuti anthu okonda kucheza kale ndiwo amapita kubala. Komanso phindu, ngati lilipo, likuchokera kwa anthu, osati m'botolo: mu January 2023 bungwe la WHO lidanena kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ulibe chiopsezo pa thanzi.

Chovuta n'chakuti zinthu zomwe zimakometsa kabala ndi zomwenso zimadwalitsa. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha chifuwa chachikulu cha TB mumzinda wa Minneapolis ku America. Mu 1992, bambo wina wosowa pokhala, amene ankakhalitsa m'bala ina ya m'dera, adadwala TB kwa nthawi yaitali asanayambe kulandira mankhwala. Achipatala atayeza anthu 97 amene ankamwa kapena kugwira ntchito pamalopo, adapeza kuti 41 adatenga kachilombo, ndipo 14 mwa iwo adadwala TB yeniyeni. Bala imodzi yokhayo idapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala TB atsopano mumzindawo chaka chimenecho. Zifukwa zake n'zosavuta kumva. Tizilombo ta TB timayandama mumpweya kwa maola angapo, choncho chipinda chaching'ono chotsekeka, chodzaza ndi anthu omweomwewo usiku ulionse, oimba ndi kufuula pochemerera mpira, ndi malo abwino kwambiri opatsirana. Kuwonjezera apo mowa umafooketsa chitetezo cha m'thupi: kafukufuku wophatikiza wa mu 2008 adasonyeza kuti omwa mopitirira magalamu 40 a mowa weniweni patsiku ali ndi chiopsezo cha TB chochuluka pafupifupi katatu.

Apa pali phunziro kwa ife amene timatsata anthu omwe adakhala pafupi ndi wodwala. Mafunso athu amathera pa a m'nyumba, chonsecho m'mayiko osauka ndi apakatikati abambo amapezeka ndi TB pafupifupi kuwirikiza kawiri amayi, ndipo bambo wina amakhala maola ambiri ali maso ndi anzake a pamowa kusiyana ndi ana ake. Funso loti "madzulo mumakhala kuti?" likhoza kutulutsa mayina amene fomu ya a m'nyumba singatulutse. Vuto lake n'loti anzake a pamowa amadziwana ndi mayina ongopatsana, ndipo wowadziwa onse bwinobwino ndi mwini bala, amene amaopa kuti malo ake atchuka ndi matenda.

Chikondi cha pamowa chimakwezanso mlingo wa kamwedwe. Anthu akamagulirana mozungulira, aliyense amamwa pa liwiro la amene akumwa mofulumira, ndipo kuchoka nthawi yako yogula isanakwane kumaoneka ngati umbombo. Ngongole imachotsa malire amene thumba likanaika. WHO imati munthu wamwa mopitirira muyezo akamwa magalamu 60 a mowa weniweni pa nthawi imodzi, omwe ndi pafupifupi mabotolo asanu a mamililita 330 a mowa wa mphamvu ya 5 peresenti. Loweruka la malipiro ambiri amaudutsa mlingowu dzuwa lisanalowe. Kachasu ndiye alibe chizindikiro cha mphamvu yake, ndipo boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, mowa waukali wotchipa udabwerera m'timabotolo. Lipoti la WHO la 2024 lidati mowa udapha anthu 2.6 miliyoni padziko lonse mu 2019, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Chiwerengerochi sichionetsa mayi amene walandira mwamuna wopanda ndalama ya ndiwo, kapena amene wamenyedwa usiku umenewo.

Popeza abambo safulumira kupita kuchipatala, ena adayesa kuwatsatira kumene amasonkhana. Zotsatira zake zidasiyana. Ku Harare, ofufuza adachita kafukufuku m'malo omwera mowa 24, momwe adaphunzitsa abambo ena kuti azilangiza anzawo za kupewa HIV, pogwiritsa ntchito ubwenzi wa chi Shona wotchedwa sahwira. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2011 zidasonyeza kuti mchitidwe wogonana mosadziteteza sudasiyane ndi wa m'malo amene munalibe alangiziwo. Ku Los Angeles, kafukufuku wa mu 2018 m'malo ometera tsitsi 52 adapita patsogolo: ometa ankalimbikitsa makasitomala kuonana ndi katswiri wa mankhwala amene ankabwera pamalo pomwepo, kuwayeza BP ndi kuwalembera mankhwala mogwirizana ndi madokotala awo. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, BP ya pamwamba idatsika ndi 27 mmHg, pamene m'gulu longolangizidwa idatsika ndi 9 mmHg. Malo ometera si bala, ndipo munthu amene waledzera sangapereke chilolezo chomveka kuti ayezedwe. Komabe kusiyana kwa ntchito ziwirizi kukuoneka: ku Harare kudapita uphungu, ku Los Angeles kudapita chithandizo chenicheni. Ngati ntchito yotere ingayesedwe m'mabala a kuno, nthawi yoyenera ingakhale masana, anthu akusewera bawo asanayambe kumwa, ndipo zipangizo zodziyezera wekha HIV, zomwe zidayesedwa ku Blantyre n'kulandiridwa bwino, munthu akhoza kungotenga n'kukadziyezera kunyumba.

Pa TB, chotchipa kuposa zonse ndi mpweya. Mazenera awiri oyang'anizana amalola mphepo kudutsa n'kutulutsa mpweya umene anthu apuma, ndipo benchi ya pakhonde ili ndi chiopsezo chochepa kwambiri kusiyana ndi ya mkati. Makhonsolo amene amapereka ziphaso zogulitsira mowa akhoza kuika mazenera pa mndandanda wa zimene amayendera, ngakhale kuti timabala tambiri ta m'makwalala tilibe chiphaso, ndipo amene angafikeko mosavuta ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lomwelo.