ABAKHA A FOMU AMENE ANYENGA ANZAO AMOYO

Bakha wa kuthengo ndi mbalame yocenjera, koma ali ndi cofooka cimodzi, ndico kukhulupirira anzace. Pouluka pamwamba pa thamanda, akaona abakha ena alikuyandama mwamtendere, aganiza kuti pamenepo pali cakudya ndipo palibe coopsya, tsono atsika. Alenje a ku America anazindikira khalidwe limeneli kalekale, nayamba kupanga abakha onyenga, amene dzina lao pa Cingerezi ndi decoy.

Luso limeneli si la dzulo ai. M'caka ca 1924 anthu ofukula zakale anapeza abakha otere 11 m'phanga la Lovelock ku Nevada, olukidwa ndi udzu wa m'dambo wonga mlulu, ena a iwo atabvekedwa nthenga zenizeni. Eni dziko anawaluka zaka ngati 2,000 zapitazo. Azungu atafika anayamba kusema abakha a mtengo, ndipo masiku ano a pulasitiki agulitsidwa m'sitoro. Koma mlenje wa pa madzi akuru asowa madazeni angapo, ndipo mtengo wace ulemera kwa munthu wa pa nchito wamba. Cifukwa cace ambiri atola fomu yotayidwa nadzipangira okha.

Fomu imeneyi siri yofewa ija ya matiresi, pakuti iyo imamwa madzi. Ndi youma ndi yopepuka, ya mtundu wa yoyera ija imene ifika m'makatoni a wailesi ndi firiji. Yoyerayo ipanga bakha ndithu, koma isacedwa kunyenyeka. Yabwino koposa ndi yolimba, yabuluu kapena yofiirira, imene omanga aika m'makoma kuchinjiriza nyumba ku cisanu; kampani ya Dow Chemical inayamba kuipanga m'zaka za m'ma 1940 niicha Styrofoam. Alenje atola zidutswa zotsala pa malo omangapo, ndi zoyandamitsa zakale za pa madoko a mabwato.

Mmisiri ayamba ndi kumata zidutswa ziwiri kapena zitatu kufikira zitakwana msinkhu wa bakha. Ajambula thupi pa pepala, utali ngati mainchi 15, nadula fomu motsata cithunzico ndi sowo. Atatero apala ndi tupa, nasalaza ndi sandipepala, kufikira cifuwa citaburungika ndipo mcira utakwera pang'ono. Pansi pace asiya posalala ndi potambalala, kuti bakha asagwedezeke kwambiri pa mafunde. Mutu ausema pa mtengo wopepuka, popeza khosi la fomu lithyoka msanga, naulumikiza ndi kamtengo kolowa m'thupi.

Pamenepo ifika nchito imene isiyanitsa bakha wa nyengo imodzi ndi wa zaka zambiri. Mmisiri apaka thupi lonse guluu womatira matailosi, nalikulunga ndi ciguduli ca saka, natsindika ndi zala kuti guluu atulukire m'timipata ta nsaru. Cikauma cisanduka khungu lolimba. Bakha wopanda khungu limeneli anyenyeka m'thumba ndi m'bwato, ndipo zinyenyeswa zace siziola. Zikhala m'madzi zaka zambiri, ndipo mbalame ndi nsomba zizimeza.

Pansi pa mimba amangirira thabwa lopapatiza, m'litali mwa thupi, lokhala ndi citsulo colemera. Thabwa limeneli licita kuti bakha akagubuduzika ndi mphepo adzuke yekha. Kutsogolo kwace aboola pomanga cingwe ca nangula, cimene ciyenera kuposa kuya kwa madzi. Mmisiri wanzeru ayesa bakha ali yense m'bafa asanampake utoto, pakuti wopendekeka aopsya anzace amoyo.

Pa utoto pali msampha umene wagwetsa ambiri. Petulo, ndi utoto wambiri wopopera wa m'zitini, zisungunula fomu yosakutidwa monga madzi asungunula suga. Utoto woyenera ndi wosakaniza ndi madzi, wosanyezimira, cifukwa bakha wowala pa dzuwa athawitsa gulu lonse. Tambala wa mtundu wa mallard apakidwa mutu wobiriwira, mkanda woyera m'khosi, cifuwa cofiirira ndi thupi lotuwa. Thadzi ndi wa mawanga a mtundu wa dothi. Zotsala za fomu zisaochedwe pa moto, popeza utsi wace wakuda uononga cifuwa.

Pa madzi, mlenje akumbukira kuti bakha atera moyang'ana kumene icokera mphepo. Motero amwaza abakha ace m'magulu awiri, nasiya pakati malo opanda kanthu, pafupi ndi pobisalira pace, kuti alendowo aterepo.

Cinyengo camphamvu cotere cikasowa malire citha mbalame. Kale alenje a ku Chesapeake Bay ankapha abakha osawerengeka kukagulitsa m'mizinda, kufikira lamulo la 1918 linaletsa malondawo. M'caka ca 1934 Boma la America linalamula kuti mlenje wa abakha agule sitampa caka ndi caka, pamenepo mtengo wace dola imodzi, ndipo ndalamazo zigula ndi kusunga madambo. M'caka ca 1935 linaletsa kumangirira abakha amoyo pa madzi kuti aitane anzao, ndipo m'caka ca 1991 linaletsa zipolopolo za mtobvu posaka mbalame za m'madzi. Ku Zambia nakonso lamulo la nyama za kuthengo la 2015 liyesa kusaka kopanda laisensi mlandu.

Tsono mlenje wa ku America amene wapanga gulu lace ndi zinthu za kudzala akhoza kunyada, pakuti wapulumutsa ndalama nacepetsanso zinyalala. Koma nyengo yololedwa ikatha awaika m'thumba, nasiya abakha amoyo kuti akaswe, kuti caka ca mawa pakhale ena oti anyengedwe.