KANCHENCHE KA PA MANGO KAPHUNZITSA AKATSWIRI ZA MAPANGIDWE A THUPI

KAPICHILA, Lundazi. Nyengo ya mango ikafika m'midzi ya kuno, pansi pa mtengo uliwonse pamadzaza tinchenche tofiira maso timene timaunjikana pa zipatso zovunda ndi pa mitsuko ya mowa. Amai amangotiingitsa ndi dzanja. Koma kanchenche kameneka, kochedwa Drosophila, kali ndi mbiri yaikulu m'masukulu apamwamba a pa dziko lonse, ndipo kwao kweni-kweni ndi cigawo cathu cino ca Africa.

M'caka ca 2015 akatswiri a ku Wisconsin, America, anafalitsa zimene anapeza atapima tinchenche 197 togwidwa ku Siavonga. Mtundu wa ku Zambia uli ndi zibadwa zosiyana-siyana zoculuka kwambiri, cizindikiro cakuti ndiwo wa makolo. Mu 2018 ena a ku Lund, Sweden, anatipeza m'nkhalango ya Matobo ku Zimbabwe tikuikira mazira pa zipatso za mfula.

Nkhani yagona pa dzira. Kutalika kwake ndi theka la milimita cabe, ndipo pakapita tsiku limodzi mumatuluka kamphutsi kokhala ndi mutu ndi mcira. Nanga dzira limadziwa bwanji mbali yoika mutu?

Yankho linacokera ku Tübingen, Germany, mu 1988, kwa Mai Christiane Nüsslein-Volhard ndi Bambo Wolfgang Driever. Nchenche yaikazi imasiya uthenga ku nsonga imodzi ya dzira. Pamenepo pamapangidwa puloteni yochedwa Bicoid imene imafalikira ca kumbuyo, nimanka nicepa. Pamene yaculuka pamakhala mutu, pamene yacepako pamakhala cifuwa. Dzira losowa Bicoid limapanga mcira mbali zonse ziwiri, ndipo kamphutsi kake kamafa. Mai Nüsslein-Volhard analandira mphotho ya Nobel mu 1995.

Apa ndipo pali cinsinsi. Ganizani za utsi m'nyumba yophikira. Ukamaturuka pa denga, munthu amaona kuti wakula pafupi ndi mafuwa, wacepa ca ku khomo. Ukatsekeredwa, nyumba yonse imangoti bii, osadziwanso pali moto. Momwemonso Bicoid iyenera kuonongedwa pa nthawi yake kuti muyeso usasokonezeke.

Kuononga kumeneku sikucitika mwacisawawa ai. Puloteni yoyenera kucotsedwa imayamba yaikidwa cizindikiro cochedwa ubiquitin, monga m'mene munthu amasemera khungwa la mtengo woti udulidwe. Kenaka imalowa m'kacigayo ka mkati mwa selo, proteasome, n'kuphwanyidwa. Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose, amene anatulukira njirayi, anapatsidwa Nobel mu 2004. Mu 2011 Junbo Liu ndi Jun Ma a ku Cincinnati anapeza puloteni imene imaloza Bicoid kuti igayidwe. Ikasowa, Bicoid imapita patali kuposa muyeso, ndipo malire a ziwalo amasunthira kumbuyo.

Kacigayo komweka tiri nako ifenso anthu. Kucokera mu 2003 madokotala ali ndi mankhwala ochedwa bortezomib amene amakatseka, kuti maselo a kansa ya m'mafuta a m'mafupa atsamwitsidwe ndi zinyalala zao zomwe.

Alimi musasokoneze kanchenche aka ndi mdani wa mango anu. Iko kamatsata cipatso cimene cayamba kale kuvunda. Imene imabaya mango ali mumtengo n'kusiyamo mphutsi ndi nchenche ina yokulirapo, yocokera ku Asia, imene inaoneka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003. Imeneyo mankhwala ake oyamba ndi kutola mango onse akugwa ndi kuwakwirira m'dzenje lakuya.