Kompyuta Ikamangoima, Pulogalamu Yothandiza Ndi Iti?

Kompyuta ikamachedwa kuyaka, fani ikulira, kachizindikiro kakungozungulira pa sikirini, eni ake ambiri amathamangira pa intaneti kukasaka pulogalamu yoiyeretsa. Ena mwa mapulogalamuwa amangoopseza kuti apeza mavuto ankhaninkhani, kenako n'kupempha ndalama.

Ngakhale mapulogalamu otchuka amagwa m'mavuto. Mu 2017, mbava za pa intaneti zinabisa vayirasi mu pulogalamu yoyeretsa kompyuta ya CCleaner, ndipo makompyuta oposa 2 miliyoni anaitenga.

Chonsecho Windows imabwera ndi zida zake zaulere. Task Manager imaonetsa mapulogalamu amene amadzitsegula okha kompyuta ikangoyaka, Storage Sense imachotsa mafayilo osafunika, pomwe Microsoft Defender imasaka mavayirasi. Kampani ya Microsoft imachenjezanso kuti mapulogalamu oyeretsa registry, malo amene Windows imasungamo makonzedwe ake, angathe kuwononga Windows mpaka kufunika kuiikanso mwatsopano.