Kufotokozera za Thandizo la Maphunziro kwa Ofuna Kukonza Mapulogalamu a Ana pa Wailesi ndi pa Kanema

Unduna ukufuna kufotokozera ophunzira, makolo ndi aphunzitsi za mtundu wina wa thandizo la ndalama zolipirira maphunziro, lomwe ambiri amalitcha sikolashipu. Thandizoli limaperekedwa m'maiko ena kwa ophunzira amene akufuna kudzagwira ntchito yokonza mapulogalamu a ana pa wailesi ndi pa kanema. Mfundo yaikulu yoti aliyense aimvetse ndi iyi: opereka thandizoli safuna luso lojambula kapena kulemba lokha, koma amafunanso munthu wodziwa mmene mwana amakulira ndi mmene amaphunzirira.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi thandizo lokumbukira malemu Fred Rogers, lotchedwa Fred Rogers Memorial Scholarship, la ku United States. Bambo Rogers adabadwa mu 1928 ku Latrobe m'dera la Pennsylvania ndipo adamwalira mu 2003. Kuyambira 1968 mpaka 2001 iwo ankakonza ndi kuulutsa pulogalamu ya ana aang'ono yotchedwa Mister Rogers' Neighborhood. M'pulogalamuyi ankalankhula modekha, pogwiritsa ntchito nyimbo ndi zidole, za nkhani zomwe akuluakulu ambiri amaopa kukamba ndi ana, monga mantha, mkwiyo, kutha kwa banja ndi imfa. Kwa zaka zambiri iwo ankakambirana zolemba zawo ndi mayi Margaret McFarland, katswiri wa kaganizidwe ka ana pa yunivesite ya Pittsburgh.

Mu 2005 nthambi ya zamaphunziro ya bungwe la Television Academy, lomwe limapereka mphoto za Emmy, idakhazikitsa thandizoli ndi chithandizo cha kampani ya Ernst & Young. Wopambana aliyense ankalandira madola 10,000 a ku America komanso ankapatsidwa mlangizi wochokera pakati pa akatswiri okonza mapulogalamu a ana. Thandizoli lidakonzedwera ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite a m'dzikolo, makamaka omwe ali m'zaka zomaliza za digiri yoyamba kapena akuchita maphunziro oposa pamenepo. Wopempha ankayenera kusonyeza kuti adaphunzira kapena kugwirapo ntchito m'magawo awiri kapena kuposera apo mwa awa: maphunziro a mmera mpoyamba, kakulidwe ndi kaganizidwe ka mwana, kakonzedwe ka mafilimu ndi mapulogalamu a pa kanema, nyimbo, ndi kujambula makatuni.

Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Mwana wa zaka zinayi samva nkhani monga momwe wamkulu amamvera. Amavutika kusiyanitsa zenizeni ndi zongopeka, ndipo amagwira bwino mfundo ikabwerezedwa kangapo m'mawu ochepa. Pulogalamu ingathe kukhala yokongola m'maso koma n'kumuopseza mwanayo kapena kumusiya wosaphunzira kanthu. N'chifukwa chake okonza Sesame Street, yomwe idayamba mu 1969, adaika ofufuza ndi olemba pamodzi, ndipo ankayamba aonetsa zigawo kwa ana kuti aone pomwe anawo akutaya chidwi.

Njira imeneyi idafikanso m'chigawo chathu. Ku South Africa pulogalamu ya Takalani Sesame idayamba mu 2000, ndipo mu 2002 idabweretsa chidole chotchedwa Kami, choimira mwana wamasiye yemwe ali ndi kachilombo ka HIV, pofuna kuchepetsa kusalana pakati pa ana. Kuno ku Malawi pulogalamu ya Tikwere inkaphunzitsa ana a m'makalasi oyambirira a pulayimale kudzera pa wailesi ya MBC. Ntchito zotere zimafuna anthu odziwa chilankhulo cha mwana, nthano zake ndi masewera ake.

Choncho wophunzira wofuna thandizo la mtunduwu akonzekere motere. Poyamba, ngati akuphunzira utolankhani kapena zojambula, apezenso mpata wogwira ntchito ndi ana, monga kuthandiza pa sukulu ya mkombaphala. Ngati akuphunzira zauphunzitsi, aphunzirenso kulemba sewero la pa wailesi kapena kujambula mawu. Chachiwiri, asunge zitsanzo za ntchito yake, ngakhale zojambulidwa pa foni. Chachitatu, alembe ndondomeko yomveka: pulogalamuyo ndi ya ana a zaka zingati, adzaphunzirapo chiyani, ndipo zidzadziwika bwanji kuti aphunziradi.

Pomaliza, Unduna ukukumbutsa onse kuti thandizo lililonse lili ndi malamulo ake okhudza dziko lochokera, sukulu ndi tsiku lotsekera. Musanalembe kalata, werengani malamulowo pa tsamba la intaneti la bungwe lenilenilo, ndipo tsimikizani kuti chaka chimenecho likulandira makalata. Aliyense wokuuzani kuti mumutumizire ndalama pa foni kuti akupezereni malo, musamumvere, kaneneni kupolisi.