GALIMOTO YAKALE IKAKANA KULIRA: MOTO, PETULO NDI MPWEYA

Anthu ambiri ogwira nchito m'matauni amataya ndarama zoculuka pa magalimoto akale cifukwa ca kuthamangira kugula zitsulo zatsopano asanadziwe cimene cabvuta. Lero munthu wagula batire, mawa koyilo, mkuja kabuleta. Malipiro a mwezi atha, ana akudikira ndarama za sukulu, koma galimoto iri gone pabwalo, nkhuku zikuikira mazira pansi pace. Kawiri-kawiri nthenda yace inali yocepa, yofuna sipanala ndi kansaru basi.

Magalimoto amene akunenedwa pano ndi aja anadzaza miseu ya Salisbury, Bulawayo, Lusaka, Ndola ndi Blantyre m'masiku a Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, ndipo ena mwa iwo akali kuyenda: Morris Minor, imene inayamba kupangidwa ku England mu 1948 nilekeka mu 1971, Peugeot 403 ya 1955 ndi mng'ono wace 404 ya 1960, Land Rover, ndi Volkswagen ija yooneka ngati kamba. Ena anali kulumikizidwa konkuno, pakuti BMC inatsegula fakitale ku Umtali, kumene tsopano ndi Mutare, mu 1960, ndipo Ford inatsegula yace ku Salisbury, Harare wa lero, mu 1961. M'magalimoto amenewa mulibe kompyuta. Ciri conse cimaoneka ndi maso ndi kumveka ndi makutu, ndipo injini imangofuna zinthu zinai kuti ilire: moto, petulo, mpweya, ndi mphamvu yopanikiza mpweyawo m'kati. Makaniko wodziwa nchito yace amayamba wafunsa cimene casowa mwa zinaizi, nayambira pa cosadya ndarama.

Ngati injini sikutembenuka konse, mwini galimoto ayatse nyali zakutsogolo ndi kuyesanso sitata. Nyali zikafooka kwambiri, batire yatha mphamvu kapena mitu yace yadzala ndi ufa woyera uja umene umatseka njira ya magetsi. Kupala mituyo ndi kumanga zolimba kwadzutsa magalimoto osawerengeka. Nyali zikakhala zowala koma osamveka kanthu, colakwa ciri pa waya kapena pa solenoid, ndipo batire iribe mlandu. Pobwereka moto kwa mnansi pafunika kucenjera, popeza magalimoto ambiri a ku Britain a zaka za m'ma 1950 analumikiza mutu wa positive ku thupi la galimoto, mosiyana ndi a masiku ano. Wopukusa ndi handulo asakulunge cala cacikulu pa cogwirira, cifukwa injini ikabwezera m'mbuyo imathyola calaco.

MAPOINTI

Injini ikamatembenuka bwino koma osalira, ayambe wafuna moto. Acotse waya wa pulagi imodzi, augwire ndi kamtengo kouma pafupi ndi citsulo ca injini, mnzace napukuse. Moto wabwino umalumpha wobiriwira ndi kumveka kuti thwa. Ukakhala wofiirira, wofooka, kapena palibe, atsegule cibvundikiro ca distributor. M'menemo muli tizitsulo tiwiri timene amakaniko amati mapointi, totseguka ndi kutseka nthawi iri yonse pamene injini ikuzungulira. Pa distributor ya Lucas, yonga ya mu Morris Minor, mpata wa pakati pao uyenera kukhala 0.015 ya inchi, ndipo wa pulagi 0.025. Kacidendene kokankha mapointi kamaperepeseka pang'ono-pang'ono, makamaka m'miseu ya pfumbi, kotero mpata umanka nucepa kufikira galimoto ikana kudzuka m'mawa. Nchito yobwezera mpatawo siposa mphindi khumi. Mapointi akapsa msanga ndi kucita timaenje, wolakwa ndi condenser. M'nyengo ya dzinja cinyontho cimalowa m'cibvundikiro cong'aluka, moto nusocera. Kupukuta ndi nsaru youma kumafikitsa munthu kunyumba. Ndipo amene wazula mawaya onse anai nthawi imodzi akumbukire kuti pa injini ya Morris moto umayenda motere: 1, 3, 4, 2.

Moto ukapezeka, funso latsala pa petulo. Morris Minor iri ndi pampu ya magetsi ya SU imene imagogoda pamene kiyi watembenuzidwa. Ikakhala cete, kuimenya pang'ono ndi cogwirira ca sikuludiraiva kumaidzutsa, koma uwu ndi mankhwala a paulendo cabe; mapointi a m'kati mwace afuna kukonzedwa. Ikamagogoda mosalekeza, thanki yauma kapena paipi ikukoka mpweya. Petulo wogula m'zigubu m'mbali mwa mseu amadza ndi madzi ndi mcenga, zimene zimatseka timabowo ta kabuleta. Palinso nkhani ya ethanol, mowa wocokera ku nzimbe, umene Zimbabwe inayamba kusakaniza ndi petulo mu 1980 ku Triangle, ndipo Malawi mu 1982 ku Dwangwa. Mapaipi a mphira akale sagwirizana nao: amafewa kapena kung'aluka, ndipo petulo wodonthera pa injini yotentha watentha magalimoto amene anapirira zaka makumi asanu. Pfungo la petulo pansi pa boneti siloyenera kulizolowera.

Mapulagi ndi utsi zimanena zambiri kwa wodziwa kuwerenga. Pulagi yofiirira ngati cikopa ca buledi ndi ya injini yamoyo. Yakuda ndi mwaye wouma, pamodzi ndi utsi wakuda, ikutanthauza kuti petulo waculuka kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi pfumbi. Yonyowa ndi oyilo, utsi uli wobiriwira, ndiye kuti maringi a pisitoni kapena njira za mavalavu zatha. Utsi woyera wosaleka injini itatentha, madzi akucepa mu lediyeta, ndipo oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, imeneyo ndi gasiketi ya mutu wa injini, ndipo kuyendabe nayo ndi kuononga injini yonse.

Kutentha kwa injini kumayambira pa zinthu zazing'ono. Lamba wa fani ayenera kulowa ngati theka la inchi pomkanikiza ndi cala. Harare iri pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kumeneko madzi amawira pa madigiri 95 m'malo mwa 100. Cifukwa cace citsekero ca lediyeta cotha mphira cimabvutitsa kwambiri m'maiko okwera ano. Citsekeroco sicitsegulidwa injini ikali kuwira, ndiponso madzi ozizira othiridwa mwadzidzidzi amang'amba mutu wa injini. Volkswagen iribe madzi. Lamba wace akaduka, fani yaima, ndipo nyali yofiira ikayaka woyendetsa aime pomwepo.

Nthenda ina ndi yatsopano. Kuyambira pa 1 January 2006 maiko a Africa a kumwera kwa Sahara analeka petulo wa mtobvu, cifukwa mtobvu umaononga ubongo wa ana. Koma mtobvuwo ndiwo unali kuteteza pokhalira mavalavu oturutsa utsi pa injini zakale zonga za Morris. Mpata wa mavalavu pa injini imeneyi ndi 0.012 ya inchi iri yozizira. Mwini galimoto akaona kuti mpata wa mavalavu a utsi ukucepa nthawi iri yonse akauyesa, adziwe kuti pokhalirapo pakudyeka. Mankhwala othira m'thanki amacedwetsa nthendayo. Kuciritsa kwace ndi kuika mipando yolimba ku galaja yokhala ndi makina.

Pali malo awiri amene kungoyesa-yesa sikuloledwa. Magalimoto a zaka zimenezo ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, kotero paipi imodzi ikabooka mawilo onse anai amasowa buleki nthawi yomweyo. Copondera cikamafewa kapena kutsika pang'ono-pang'ono pansi pa phazi, galimoto isanyamule munthu. Pa Morris Minor palinso mfundo za citsulo zimene wilo lakutsogolo limakhotera. Zikasowa girizi, mazinga ace amadyeka mwakacete-cete, ndipo tsiku lina pokhota wilo limapindikira pansi pa galimoto. Makaniko amakweza galimoto pa jeke, nagwedeza wilo ndi manja awiri, pamwamba ndi pansi. Likagwedera, galimotoyo igone ku galaja.